Sikelo ya pachipatala chathu kuno ku Mzuzu, makamaka nkhani ya katemera wa poliyo

Azimayi anzanga amene muli ndi ana ang'onoang'ono kuno ku Mzuzu, makamaka inu mwangosamukira kumene ndipo mukufunsafunsa koti muzikakweza mwana sikelo, ndati ndikuuzeni za kachipatala komwe ine ndimapita ndi wanga. Dzina sinditchula chifukwa pali zina ndidandaula mmusimu nde sindikufuna wina akapanikizidwe ndi mafunso kuntchito chifukwa cha ine, koma ndi kachipatala kakang'ono ka mdera, osati ku chipatala chachikulu cha Central ayi, ndi kuja ana amayezedwera pa shedi panja. Atati ndipereke malikisi ndingapereke 4 pa 5. Katemera amapezeka, ndi waulere, amasungidwa bwino ndipo anthu ake ntchito amaidziwa. Imodzi ndachotsayo ndi ya kafotokozedwe kawo kwa makolo komanso nkhani ya sopo, ndifika kumeneko.

Kufika kwake sikovuta, sakaramento (kabaza ya njinga yakapalasa) kapena kabaza ya njinga yamoto amakutulani pageti penipeni, koma nthawi ya mvula kamsewu kolowera kaja kamaterera koopsa ndiye ngati mwabereka khanda bola kutsika n'kumalizitsa wapansi. Fikani mmawa. Ndikudziwa Mzuzu mmawa kuzizira kwake, mwezi wa June kapena July ndi mawawa aja munthu sufuna n'kutuluka komwe mu bulangeti, koma mukafika 7 itadutsa mupeza mabenchi adzadza ndipo muima kapena kuyala chitenje pa simenti yozizira. Vuto ndi loti ife timafika 7 koma iwo kuyamba kwenikweni kumakhala cha mma 8 mpaka pena 9 kumene, ana akulira, ena anjala, amayi ena asiya geni kumsika. Izi zimandiwawa ndithu chifukwa mayi amene wataya tsiku lonse la malonda mwezi wamawa amaganiza kawiri asanabwerenso.

Akayamba zimayenda. Poyamba kamaphunziro ndi nyimbo za sikelo zija, kenako kuyeza kulemera, kenako amene tsiku lawo la katemera lakwana amapita mbali ina. Amene amagwira ntchito yambiri ndi ma HSA, alangizi a zaumoyo aja ambirife timangowati adokotala. Chimene chinandisangalatsa ine wobwera ndi choti akaona kuti Chitumbuka chikukudutsa amasintha pompo n'kuyankhula nawe Chichewa popanda kukuchititsa manyazi. Pali abambo ena achikulire pamenepo amati akamaphunzitsa amanena kawiri, Chitumbuka kenako Chichewa, olo nthawi ipite.

Tsopano za poliyo. Mwana amalandira madontho awiri mkamwa akangobadwa, ngati anabadwira kunyumba kapena panjira muthamangire naye masabata awiri asanathe. Kenako madontho enanso pa masabata 6, pa masabata 10 ndi pa masabata 14. Pa masabata 14 pomwepo amabayanso jakisoni wa poliyo pantchafu, amene mu buku amalemba kuti IPV, madontho aja amalemba OPV. Masiku omwewo mwana amalandiranso akatemera ena, wa matenda asanu uja amati penta, wa chibayo ndi wa rota wa kutsegula mmimba, ndiye tsiku la masabata 14 limakhala lolemera, majakisoni angapo nthawi imodzi, mwana amalira mpaka iwe mayi mtima kuwawa ndipo usiku thupi limatha kutentha pang'ono. Kutenthako kawirikawiri ndi kwa majakisoni enawo, madontho a poliyo wanga sanamuvutitsepo.

Ine ndinafunsa kuti nanga poliyo yemweyo bwanji madontho komanso jakisoni, sikubwereza kumeneko? Abambo achikulire aja anandikhazika pambali layini itatha n'kundiuza bwinobwino. Akuti kachilombo ka poliyo kamalowera mkamwa kudzera mmadzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu amene ali nako, kamaswana mmatumbo, ndipo pena kamadutsa n'kukafika mmitsempha ya kumsana, apo ndi pomwe mwendo umalobodoka. Madontho amamanga chitetezo mmatumbomo kuti mwana asamafalitse kachilomboko kwa anzake, jakisoni amamanga chitetezo mmagazi kuti olo kalowe kasafike popuwalitsa. Komanso poliyo alipo wa mitundu itatu, ndipo kuyambira 2016 madontho a ku sikelo ali ndi mtundu woyamba ndi wachitatu basi, wachiwiri unachotsedwamo dziko lonse lapansi, ndiye jakisoni uja ndi amene ali ndi mitundu yonse itatu. Mukamva choncho simungajombe tsiku la masabata 14. Koma onani, izi ndinazimva chifukwa ndinafunsa ndipo ndinadikira. Amayi ena onse aja anangobayitsa n'kumapita.

Kasungidwe ndiye ndiwayamikire. Filiji yawo ndi ya sola, magetsi akathima katemera sakhudzidwa, ndipo pa shedi amabwera naye mu kabokosi kozizira kaja osati kungoika patebulo padzuwa. Pabotolo lililonse la madontho pamakhala kachizindikiro, kabwalo kokhala ndi kabokosi koyera pakati, kabokosiko kakada kufanana ndi bwalolo ndiye kuti katemera wapsa ndi kutentha ndipo sayenera kuperekedwa. Anesi ena anandionetsa okha nditangoyang'anitsitsa botolo, anati mayi muli ndi ufulu kuona chimene tikumupatsa mwana wanu. Katemera wa madonthoyu sachedwa kuonongeka ndi kutentha ndiye nkhani imeneyi si yaing'ono.

Ndipo amalondola. Mnzanga wina wa ku Chibavi anapita kumaliro kwawo ku Ntcheu n'kukhalitsako, tsiku la mwana linadutsa, atabwerera anapeza uthenga kwa aneba kuti adokotala anabwera kudzafunsa. Atapita sanamuyambitse pachiyambi ayi, anangopitiriza pomwe analekezera. Izi ambiri sadziwa, amaganiza kuti ukaphonya ndiye basi zaonongeka, kapena amaopa kukalipiridwa n'kungokhala.

Kuopako sikuti n'kopanda chifukwa. Ndinaona ndi maso anga kamtsikana kena, kamayi kakang'ono ndithu mwina sikanakwane ndi zaka 18 zomwe, kakukalipiridwa pagulu chifukwa buku la mwana linanyowa ndi mvula masamba n'kumatana. Kanangowerama misozi ili mbwee. Inde buku ndi lofunika, ndi mmene amadziwira zimene mwana walandira, koma mtsikana ameneyo wayenda wapansi ndi mwana kumsana kubwera yekha popanda womukakamiza, ameneyo ngofunika kumulandira bwino. Si onse amatero, ndi mmodzi kapena awiri, koma mawu amodzi oipa amafika kutali mmakomo kuposa zabwino zonse zimene anzawo akuchita. Mwezi wotsatira ndinamuyang'ana mtsikanayo pamabenchi sindinamuone, mwina anasintha chipatala, ndikukhulupirira choncho.

Nkhani ya makampeni oyenda khomo ndi khomo ndi pomwe pali zambiri. Amene munali ndi ana mu 2022 mukukumbuka. Mwezi wa February chaka chimenecho boma linalengeza kuti ku Lilongwe kwapezeka mwana wamkazi wa zaka 3 ali ndi poliyo weniweni uja amati wa kuthengo, wosachokera ku katemera, anapuwala mu November 2021, ndipo atayeza kachilomboko anapeza kuti ndi ka mtundu umene umazungulira ku Pakistan. Kuno kwathu poliyo ameneyu anali atamaliza kuoneka mu 1992, zaka 30 zathunthu, ndipo Africa yonse inali italengezedwa mu August 2020 kuti yathana naye. Ndiye tangoganizani, mwana wa ku Lilongwe, kachilombo kochokera kutsidya kwa nyanja. Pambuyo pake ana ena anapezekanso ku Tete ku Mozambique. Kuyambira March 2022 kunali kampeni pa kampeni, ana osakwana zaka 5 pafupifupi 2.9 miliyoni kuno ku Malawi, komanso ku Mozambique, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo mu 2023 anakweza mpaka ana osakwana zaka 15. Mu May 2024 ndi pomwe a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ananena kuti mliri umenewo watha.

Anthu a pachipatala chathu pa makampeni amenewo anagwira ntchito, zimenezo palibe angatsutse. Amayenda wapansi ndi kabokosi paphewa kukwera zitunda za Mzuzu zija, mmatope, kulowa mmisika, mmatchalitchi, ku ma nazale, mpaka ku depoti kudikira ana otsika mmabasi. Akamudonthezera mwana amamupaka inki pa kachala kakang'ono ka kumanzere ndipo pakhoma kapena pachitseko amalemba ndi choko. Kwathu anapeza mwana wa aneba wapita ndi agogo ake kumunda, anabweranso madzulo dzuwa litapendeka. Ndinawapatsa madzi akumwa, amaoneka otopa zedi.

Koma pomwe ndimadandaula ndi apa. Amafika, odi odi, kuli ana osakwana zaka zisanu kuno? Dontho dontho, inki, choko, apita. Mwezi wina abweranso, chimodzimodzi. Kholo likafunsa kuti mwana wangayu analandira kale ku sikelo komanso munabwera mwezi watha, bwanjinso lero, yankho limangokhala loti ndi boma latero. Aaa ayi, yankho limenelo ndi limene limabereka mphekesera. Ndikumvetsa kuti amapatsidwa nyumba zambiri pa tsiku ndipo ena ndi mavolontiya ophunzitsidwa masiku ochepa, koma yankho lenileni ndi lalifupi ndipo ndi lomveka. Madontho sagwira mokwanira ulendo umodzi mwa mwana aliyense, makamaka kuno kumene ana amatsegula mmimba pafupipafupi ndipo ena ndi onyentchera, ndiye ulendo uliwonse umaonjezera chitetezo, ndipo kulandira kambirimbiri sikuvulaza. Komanso kampeni cholinga chake n'choti ana onse a mdera alandire masiku omwewo kuti kachilombo kasowe pothawira. Zili ngati kuthira mankhwala a nsikidzi, ukathira chipinda chimodzi n'kusiya china zimangosamuka n'kudzabwereranso.

Chifukwa chosafotokoza, mphekesera zinadzadza mma gulupu a WhatsApp ndi pa mjigo. Ena ati ndi katemera wa Covid amubisa mmadontho, ena ati akufuna ana athu asadzabereke, ena za 666. Apongozi anga enieni anandiimbira foni kuchokera kumudzi kuti mwanayo mumubise akabwera anthuwo. Sindinakangane nawo, ndinangowafunsa kuti amayi, kodi bambo ake a mwanayu simunawapititse ku sikelo ali khanda? Anati ndinawapititsa, onse asanu ndi awiri. Ndinati nanga madontho aja sanalandire? Anati analandira. Ndiye ndinati si awa abereka mdzukulu wanuyu. Anakhala chete kenako anayamba kundiuza okha za mnyamata wina amene anakula naye, amene amakwawa ndi manja kupita kusukulu mwendo umodzi utafota. Achikulire amawadziwa matendawa kuposa ife, anawaona. Ife a pano sitinawaone chifukwa cha madontho omwewo ndiye n'zosavuta kuwapeputsa.

Pali mabanja ena a mipingo yokana mankhwala, amenewo amatseka zitseko ndithu. Ndinamva kuti a chipatala amadutsira kwa mafumu a mmabuloko ndi akuluakulu a mipingo kukakambirana nawo, ena amalola ena ayi. Sindinganyoze chikhulupiriro cha munthu koma mwana sanasankhe, ndipo mwendo ukapuwala ndi poliyo mankhwala ake palibe, chimene chimatsala ndi mafizo, ndodo ndi zitsulo za mmiyendo moyo wonse.

China chimene ndikanakonda atamanena poyera, chifukwa anthu amachimva theka pa wailesi n'kusokonezeka, ndi nkhani ya poliyo amene amati wochokera ku katemera. Ndi zoona alipo. Mmadontho muja muli kachilombo kamoyo koma kofooketsedwa, mwana akalandira amakatulutsa mchimbudzi kwa masabata angapo. Kumene ana ambiri ndi otemeredwa kamangofera pomwepo. Koma kumene ana ambiri sanalandire katemera kamatha kumadumpha kuchoka kwa mwana uyu kupita kwa uyo kwa miyezi yambiri mpaka kusintha n'kupezanso mphamvu zopuwalitsa. Ndiye amene amapwetekeka ndi mwana wosatemeredwa, ndipo chimene chimayambitsa ndi kuchepa kwa ana olandira katemera mderalo. Ine nditamva izi mtima unakhala pansi kusiyana ndi pamene amangondiuza kuti palibe vuto lililonse. Makolo si ana, tiuzeni zoona tidzamva.

Chimene chimandiopsa ine ndi poliyo n'choti ambiri amene ali ndi kachilomboka saoneka kudwala n'komwe. A WHO amati mwa anthu 200 amene atenga, mmodzi ndi amene amapuwala osachiranso, ndipo mwa opuwalawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse amamwalira chifukwa minofu yopumira imaleka kugwira ntchito. Ndiye mukamva kuti kwapezeka mwana mmodzi dziwani kuti alipo ena ambirimbiri akuyenda nako osadziwa. N'chifukwa chake mwana mmodzi wa ku Lilongwe anagwedeza maiko asanu. Mu 1988 pamene maiko anagwirizana zothana ndi matendawa, ana pafupifupi 350,000 amapuwala chaka chilichonse mmaiko 125, pano poliyo wa kuthengo watsala ku Pakistan ndi Afghanistan kokha, koma taona tokha kuti kutali si chitetezo.

Ndipo Mzuzu wathuyu tisanamizane, madera ngati Salisbury Line ndi mbali zina za Chibavi ndi Masasa madzi ali pafupi, mvula ikagwa yambiri zimbudzi zokumba zimasefukira, zitsime zili pafupi pomwepo, ana akusewera mmadzi omwewo. Njira ya poliyo ndi yomweyo ya kolera. Apa ndi pomwe nkhani ya sopo ikubwera. Pachipatala pomwe akutiphunzitsa kusamba mmanja tikachoka kuchimbudzi komanso tikasintha mwana thewera, chimbudzi cha odwala nthawi zambiri ndowa yake imakhala youma ndipo sopo sindinamuonepo. Amayi ambirimbiri ndi makanda, matewera akusinthidwa pa benchi pomwepo, kenako dzanja lomwelo likutsegula kamwa ya mwana kuti alandire madontho. Nthawi ya Covid ndi ya kolera ndowa zinali pageti ndi pakhomo lililonse, pano zinasowa. Ndowa ya mpopi ndi sopo wa mtanda si ndalama yoti chipatala chingalephere, olo komiti ya chipatala itatiuza kuti tizisonkha ife amayi a sikelo ine ndingasonkhe. Pakadali pano ndimayenda ndi kabotolo ka madzi ndi kachidutswa ka sopo mchikwama, nanunso muzitero.

Zina zing'onozing'ono zoti mudziwe. Mwana akakhala ndi chimfine kapena akutsegula mmimba pang'ono musajombe, pitani naye, iwo ndi amene aone ngati alandire, nthawi zambiri amalandira ndithu. Akalavula kapena kusanza madontho pompo auzeni amupatsenso, wanga analavulapo ndipo anamudonthezeranso popanda kunyinyirika. Kuyamwitsa palibe vuto, muyamwitseni asanalandire kapena atangolandira, bere limathandizanso kumutonthoza akabayidwa. Katemera salipiritsa, wina akakuuzani za ndalama kanani ndipo kanene kwa wamkulu wa pachipatalapo, chimene mumagula ndi buku lokha ngati mulibe. Bukulo likulungeni mu pulasitiki, mvula ya kuno sichenjeza. Ndipo madontho a kampeni salowa mmalo mwa a ku sikelo, ndamva amayi angapo akunena kuti wanga anapakidwa inki sabata yatha ndiye sindipita, ayi, a kampeni ndi oonjezera chabe ndipo jakisoni uja pakhomo sabwera nawo.

Abambo nawonso bwerani. Pa shedi yonse mumapezeka bambo mmodzi kapena awiri, koma pakhomo amene amaletsa kapena kulola nthawi zambiri ndi iwowo, ndiye bola azimva okha kuchokera kwa adokotala osati kwa anzawo ku bawo. Bambo a kwathu anapita tsiku la masabata 14 ndipo ndi amene anagwira mwana pobayidwa, kuchokera pamenepo tsiku la sikelo amalikumbuka kuposa ine.

Chinthu china anatiuza pa phunziro tsiku lina ndipo ndikanakonda akanamachibwereza mwezi uliwonse. Mwana aliyense wosakwana zaka 15 amene mwadzidzidzi mwendo kapena mkono walobodoka, anali kuyenda bwinobwino dzulo lero akulephera kuima, popanda kugwa kapena kuvulala, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Osayamba mwapita kwa asing'anga kapena kudikira kuti tione mawa, chifukwa amafunika kutenga chimbudzi chake kawiri, motalikirana tsiku limodzi, pasanathe masabata awiri chiyambire vutolo, kuti akayeze ngati ndi poliyo. Nthawi zambiri amapeza kuti ndi matenda ena, koma ngati ndi iyeyo ana onse a mdera lanu amafunika kutetezedwa msanga. Ngakhale ndi mwana wa aneba, auzeni a HSA a mdera lanu, nambala zawo amapereka mukawapempha.

Amene mukusamuka, kaya mukubwerera ku Lilongwe kaya mukupita ku Karonga kapena Nkhata Bay, buku lomwelo limagwira ntchito chipatala chilichonse cha boma kapena cha mishoni, simufunika kalata ina. Musananyamuke apempheni akulembereni tsiku lotsatira pachikuto ndi zilembo zazikulu, chifukwa zolemba za mkati zija pena kuwerenga kwake n'kovuta.